Za Pakhomo ndi Pampingo: Wokalamba Akachoka ku Opaleshoni Timgwire Dzanja Adzuke

Mwezi uno tabwera ndi nkhani imene yatichititsa manyazi ife olemba tsamba lino. Tikadakonda kuibisa, koma taona kuti cholakwa chimene tinachita kuno ku Chiputo chikuchitikanso m'mipingo ina, ndipo ochichitawo amachichita ndi mtima wabwino monga momwe ifenso tinachitira.

Chaka chatha, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, mmodzi wa akulu a mpingo wathu anadwala mwadzidzidzi. Mimba inatupa ngati ng'oma, ankangosanza, ndipo kwa masiku awiri sanathe kudzithandiza ngakhale kutulutsa mpweya. Ana awo anasonkha ndalama, mpingo nawo unaponyapo kangachepe, galimoto inapezeka, ndipo anawatengera ku chipatala chachikulu. Kumeneko anapeza kuti matumbo apotana, nthenda imene siisowa pakati pa amuna achikulire a m'maiko athu ano. Anawachita opaleshoni usiku womwewo, nadula mbali ya thumbo imene inali itafa kale. Patapita masabata awiri bambowo anabwerera kumudzi ali moyo, ndipo Lamulungu lotsatira mpingo wonse unaimirira kuthokoza Mulungu.

Sabata loyamba pakhomo pawo panali ngati pa ukwati. Amayi a Chigwirizano anabwera ndi ufa ndi nkhuni, a kwaya anadzaimba, akulu a mpingo anzawo anadzapemphera. Aliyense wolowa m'nyumbamo ankanena mawu amodzimodzi, ifenso tinawanena: "Gonani bambo, musadzivute. Ana alipo." Bambowo akafuna kudzuka, mwana wawo wamkazi ankathamanga kudzawagonekanso, kuopa kuti ulusi ungaduke. Chakudya chinali phala lamadzimadzi, ndowa inali pambali pa mphasa, ndipo zidzukulu zinaletsedwa kusewera pafupi. Kenaka alendo anayamba kuchepa, pakuti tonse tinati munthuyo wachira, chatsala n'kupuma basi.

Tinabwererako patapita masabata asanu, titaperekeza abusa kukawapatsa Mgonero. Chilonda chinali chitapola bwino lomwe, chopanda mafinya ngakhale pang'ono. Koma bambowo sanathe kuimirira. Anthu awiri anachita kuwagwira m'khwapa kuti akhale tsonga, ndipo miyendo yawo inali itaonda ngati bango. Amenewa ndi munthu amene m'nthawi ya nkhondo anayenda pansi kukafika ku Zambia, mwana ali paphewa, katundu ali pamutu, nakakhala ku Ukwimi mpaka mtendere wa mu 1992 utakhazikika. Titatha kupemphera anatiyang'ana nati, "Ana anga, mpeni wa dotolo sunandiphe, koma mphasa iyi indimaliza." Tinatuluka m'nyumbamo opanda mawu.

Tsono tiyenera kumvetsa chimene chinachitika, pakuti sichinali chachilendo. Thupi la munthu limasunga mphamvu zokhazo zimene akuzigwiritsa ntchito. Mnofu umene sukugwira ntchito umasungunuka, ndipo kwa wokalamba umasungunuka msanga koposa. Mu 2007 akatswiri ena a ku America anagoneka pabedi anthu achikulire athanzi labwino, a zaka za m'ma 67, kwa masiku 10 okha. Anthuwa sanali odwala, ndipo ankadya bwino. Pakutha pa masiku 10 aja, anthuwo anali atataya, pa avereji, pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa m'miyendo. Nanga munthu amene wang'ambidwa pamimba, amene akumwa phala lokha, nagona masiku 35? Mnyamata akataya mphamvu zotere zimatsalako zina zodzukira. Wokalamba anali kale m'mphepete. Akatsikako pang'ono, miyendo imakana kumnyamula, ndipo poti sakuimirira, imafookerafookerabe.

Kugona kumabala ndi zina. Munthu wogona chagada sapuma mozama, makhololo amadikha m'mapapo, chibayo n'kupeza polowera. Magazi amayenda mwaulesi m'miyendo ndipo angathe kuundana m'mitsempha. M'mimba mumauma. Khungu la pamatako, m'chiuno ndi pazidendene limanyuka n'kukhala zilonda zovuta kupola kuposa cha opaleshoni chija. Nzeru imeneyi si yatsopano. Dotolo wina wa ku London, Richard Asher, analemba kale mu 1947 kuchenjeza madotolo anzake za kuopsa kogoneka odwala nthawi yaitali, ndipo m'zaka za m'ma 1990 dotolo wa ku Denmark, Henrik Kehlet, anaonetsa kuti odwala amene amadzutsidwa ndi kudyetsedwa msanga akachoka ku opaleshoni amachira mofulumira. N'chifukwa chake anamwino amadzutsa wodwala tsiku lotsatira opaleshoni, iye akulira ndi ululu, ife odikirira odwala tikung'ung'udza kuti anthu a chipatala alibe chisoni. Chisoni ali nacho ndithu, koma akuona patsogolo.

Tikamawerenga Uthenga Wabwino ndi nkhani imeneyi m'maganizo, timaona chinthu chimene kale tinkangochidumpha. Pa Marko 1:29-31 Ambuye analowa m'nyumba ya Simoni napeza apongozi ake akudwala malungo. Sanaime patali. Anayandikira, anawagwira dzanja, anawadzutsa, ndipo mayiwo anabwerera ku ntchito yawo yolandira alendo. Pa Marko 5, atautsa mwana wa Yairo, mwanayo anayamba kuyenda, ndipo Ambuye analamula kuti ampatse chakudya. Pa Machitidwe 3 Petro anagwira dzanja lamanja la wopunduka uja pa khomo la Kachisi namuimiritsa. Sitikunena kuti ife tili ndi mphamvu yochiritsa monga Ambuye. Tikungoona kuti kuchira kumene Malembo amakuonetsa kumathera pa kuimirira, kuyenda, kudya ndi kubwerera pakati pa anthu. Ife tinapemphera kuti bambo athu asafe, Mulungu anamva, ndipo tinaima pomwepo ngati kuti mpweya wokha ndiwo moyo.

Kodi wokalamba amatenga nthawi yotalika bwanji kuti abwerere mwakale? Apa ndi pamene mipingo yathu imalakwitsa kuwerengera. Mu 2004 ku America komweko kunatuluka kafukufuku wa anthu 372 a zaka 60 kapena kuposerapo amene anachitidwa opaleshoni yaikulu ya pamimba. Anapeza kuti nzeru zimakhazikika pakatha masabata atatu, kuyenda kumabwerera pakatha masabata asanu ndi limodzi, kudzisamba ndi kudziveka kumatenga mpaka miyezi itatu, pamene ntchito zina za pakhomo zimatenga miyezi itatu kufikira isanu ndi umodzi. Mphamvu ya m'manja inali isanabwerere mwakale ngakhale patatha miyezi isanu ndi umodzi. Ndipotu amenewo ndi anthu a madzi a m'mipopi ndi zimbudzi zokhalira. Kuno kwathu kuchira kumatanthauza kudzuka kuchokera pansi pa mphasa, kunjuta pa chimbudzi chokumba, kuyenda mtunda kupita ku tchalitchi, kutunga madzi ndi kugwira khasu. Motero ulendo wa wokalamba ndi wa miyezi, koma ulendo wathu wokamuona umatha m'sabata limodzi.

Bambo athu aja anawathandiza mayi wina wa mumpingo amene anagwirapo ntchito ku chipatala. Iye atamva nkhaniyi anapita, nayamba ndi zinthu zimene ena anaziseka. Choyamba anawachotsa pansi. Anauza mkamwini wa pakhomopo kuti akhome bedi la mitengo lofika m'mawondo, pakuti kudzuka kuchokera pansi kumalemetsa munthu wofooka ndiponso kumakoka chilonda cha pamimba. Anawaphunzitsa kudzuka mwa kuyamba atembenukira kumbali, kutsitsa miyendo, kenaka kudzikankha ndi mkono. Tsiku loyamba anangokhala m'mphepete mwa bedi mpaka chizungulire chitatha. Tsiku lachitatu anaimirira atagwira khoma. Pambuyo pake inali ntchito ya tsiku ndi tsiku: kukhala pampando ndi kuimirira kasanu, kupuma, kubwerezanso, kuyenda kufika pakhomo, mawa lake kufika pankhokwe, sabata linalo kufika pa mtengo wa mango. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kuyenda pang'ono katatu kapena kanayi pa tsiku kumaposa ulendo umodzi wautali wosiya munthu ali wefuwefu.

Mayiyo anati akanakhalapo kuyambira tsiku loyamba akanawaphunzitsanso kupuma mozama kangapo pa ola lililonse ndi kutsokomola atagwiriza nsalu yopindapinda pachilonda, chifukwa ambiri amaopa kutsokomola poganiza kuti mimba iphulika. Ku chimbudzi anazika mtengo wolimba wogwirira, naikapo mpando woboola pakati. Njira yopita kumeneko anaisesa, kuchotsa miyala ndi mizu, ndipo tochi inayamba kugona kumutu kwa bedi. Wokalamba amene wangoyamba kuyendanso akagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ntchito yonse yagwa naye. Ndodo nayo inabweretsa mkangano. Bambowo anaikana, amvekere ndodo ndi ya nkhalamba. Mdzukulu wawo wamng'ono ndiye anathetsa mlanduwo powafunsa kuti, "Agogo, nanga Mose uja munkatiphunzitsa ku Sande Sukulu analibe ndodo?"

Pa chakudya tiimepo pang'ono, pakuti apa mwambo wathu umatisokeretsa. Timati wodwala ndi wa phala, ndipo phalalo timalisungunula mpaka likhale ngati madzi otsukira mbale. M'masiku oyamba achipatala ndi amene amanena chimene wodwala adye, ndipo mawu awo atsatidwe. Koma akalola kuti adye zonse, thupi limene likumanga chilonda ndi kubwezeretsa mnofu limafuna ndiwo zomanga thupi: mazira, nyemba, khobwe, nandolo, nkhuku, mkaka, nsomba, kapenta wa ku Cahora Bassa wosinja bwino ngati mano anatha. Phala likhale la mgaiwa, lolimbako, lothira nsinjiro. Tamva ena akuletsa wodwala mazira kapena mtedza ati chilonda chichita mafinya. Mafinya amabwera ndi tizilombo tolowa pachilonda, osati ndi nsinjiro. Wokalamba sakhala ndi chilakolako cha chakudya, tsono mbale yodzaza imamgwetsa ulesi. Apatsidwe pang'ono koma kawirikawiri, ndipo asamadye yekha kuchipinda. Madzi nawo asadikire kuti apemphe, chifukwa okalamba samva ludzu msanga, ndipo tonse tikudziwa kutentha kwa chigawo cha Tete m'mwezi wa Okutobala ndi Novembala. Nkhuku zija timapita nazo sabata loyamba, kawirikawiri amadya ndi alendo.

Komatu wina asamve molakwa n'kupatsa agogo khasu mawa. Pali kusiyana pakati pa kuyenda ndi kunyamula. Munthu wong'ambidwa pamimba amauzidwa kupewa zolemera kwa masabata angapo, kawirikawiri asanu ndi limodzi, kuti mkati mulumikizane bwino. Akafulumira kusenza ndowa, kusinja kapena kuwaza nkhuni, pachipsera pangathe kutuluka chotupa chofuna opaleshoni ina. Amene anachitidwa opaleshoni ya fupa ali ndi malamulo akeake a nthawi yopondera mwendo, ndipo wodikirira wodwala afunsitsitse asanatuluke m'chipatala. Tsiku lobwerera kukaonedwa lisadumphidwe ngakhale ulendo uli wodula. Ndipo thupi likatentha, chilonda chikafiira, kutuluka mafinya kapena kutseguka, mimba ikatupa ndi kusanza, mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, mpweya ukamaperewera, kapena mkodzo ukatsekeka, imeneyo si nthawi yodikira kuti kuche kawiri. Tipemphere tili m'njira yopita ku chipatala.

Pali chinthu china chimene sitingachidumphe, ngakhale chili chowawa kuchilemba. Okalamba ambiri akachoka ku opaleshoni mutu umasokonezeka. Zimayamba mwadzidzidzi, zimakula usiku, masana n'kukhala ngati zatha. Munthu amaiwala kumene ali, amaona zinthu zimene palibe, amaitana anthu amene anamwalira kale, mwina amalankhula mawu amene sanawalankhulepo m'moyo wake wonse. Achipatala amazidziwa bwino zimenezi. Zimadza chifukwa cha mankhwala ogonetsa ndi opha ululu, kutentha thupi, kuchepa kwa madzi m'thupi, ululu, kusowa tulo, kapena mkodzo wotsekeka, ndipo nthawi zambiri zimatha chimene chikuziyambitsa chikachizidwa. Koma m'midzi mwathu, gogo wamkazi akabwebweta usiku natchula dzina la mwana amene anamwalira, m'mawa nkhani imakhala itafika kale kuchitsime kuti waulula ufiti. Tikudziwa mayi wina wa m'dera lathu lino amene anachira opaleshoni koma sanachire ku mbiri imeneyi. Adzukulu analeka kumtengera madzi, ndipo ena mwa amene anafalitsa nkhaniyo amadya nafe Mgonero. Dziko la Mozambique linakhazikitsa lamulo loteteza ufulu wa okalamba mu 2014, koma Mkhristu sayenera kudikira lamulo la boma pamene lamulo lachisanu ndi lachisanu ndi chinayi analoweza ali m'kalasi. Wokalamba akasokonezeka motere, pakhale munthu mmodzi womdziwa bwino amene akhale naye, amuuze modekha kumene ali ndi tsiku lake, ammwetse madzi, amuunikire usiku, ampatse magalasi ake ngati amavala, ndipo achipatala adziwitsidwe msanga. Zimene walankhula m'maola amenewo zithere m'chipinda momwemo.

Tsono mpingo uchitepo chiyani? Tiyambe ndi kuthokoza, pakuti opaleshoni imene kale inali ya anthu a m'tauni yafika pafupi ndi anthu akumudzi. Kuyambira mu 1984 dziko lino lakhala likuphunzitsa anthu otchedwa técnicos de cirurgia kuti azichita maopaleshoni m'zipatala za m'maboma kumene madotolo ndi osowa. Anthu a kuno ku Maravia ena amapita ku Tete, ena amaoloka malire kupita ku St Francis ku Katete kapena ku Nyanje, chipatala cha abale athu a Reformed Church in Zambia. Okalamba amene kale akadafa ndi matumbo opotana, mwera wotsekeka kapena chotupa, lero akubwerera kumudzi. Koma sabwerera ndi namwino. Akatswiri ophunzitsa odwala kuyendanso amapezeka m'zipatala zazikulu, kutali ndi mphasa imene wodwalayo akukagonapo. Dotolo ntchito yake amaimaliza m'maola ochepa. Yotsalayo imagwera mwana wamkazi mmodzi, kapena mdzukulu wamkazi amene amasiyitsidwa sukulu kuti aziyang'anira agogo. Munthu ameneyo amatopa, amakwiya, kenaka amadziimba mlandu chifukwa chokwiya, ndipo palibe amene amamufunsa kuti wadzuka bwanji.

Ife taganiza kuti m'malo mopita anthu makumi awiri tsiku limodzi, mlaga ugawane masiku kwa miyezi itatu. Mmodzi apite Lachiwiri, wina Lachisanu, ndipo wopitayo asangokhala pampando n'kufunsa za mvula. Awerenge Mawu, apemphere, kenaka anene kuti, "Tiyeni bambo, mundiperekeze pamsewu." Wokalamba amene amakana kuyenda akauzidwa ndi mwana wake sakana kuperekeza mlendo. Achinyamata atenge mbali ya madzi ndi nkhuni. Abambo, amene nthawi zambiri timasiyira amayi ntchito yoona odwala, tikumbuke kuti mkulu wamwamuna amachita manyazi kusambitsidwa kapena kuperekezedwa kuchimbudzi ndi mwana wake wamkazi, ndipo ena amasiya kumwa madzi pofuna kupewa manyazi amenewo. Munda nawo usaiwalike. Chimene chimadzutsa okalamba athu nthawi isanakwane ndi mitambo ya Novembala. Akaona mvula ikubwera munda uli wosasosa, amatenga khasu mobisa. Dima limodzi la thobwa lingapulumutse chilonda ndi chakudya cha chaka chonse pamodzi.

Tisaiwalenso kumufunsa mwini wake chimene akufuna. Barizilai wa pa 2 Samueli 19 anali ndi zaka 80 pamene mfumu Davide inamuitana kuti akakhale nayo ku Yerusalemu. Iye anadziwa malire a thupi lake, anakana ulemuwo, napempha kubwerera kwawo, komabe anaperekeza mfumu mpaka pa Yordano. Si okalamba onse amene adzabwerera mwakale, ndipo kuwalonjeza zimenezo n'kuwanamiza. Wina cholinga chake n'chakuti azidzipitira yekha kuchimbudzi. Wina akufuna kukaonanso dimba lake. Cholinga chimene munthu wadzisankhira amachiyendera; chimene tamsankhira ife amangotivomera kuti tichoke. Ndipo amene sangathenso kuyenda ayenera kutulutsidwa panja, kukhala pakhonde, kusenda mtedza, kufunsidwa nzeru pa milandu ya pabanja, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto ngakhale miyendo itafooka. Ife a ku Chiputo tili ndi chifukwa chapadera chokumbukira zimenezi. Boma la Apwitikizi litatseka mishoni za Dutch Reformed m'chigawo cha Tete mu 1922, kuphatikizapo ya Mphatso ndi ya Chiputu, Mawu a Mulungu anasungidwa zaka zambiri ndi akulu a mpingo ndi amayi achikulire opanda mbusa wokhala pakati pawo.

Bambo athu aja cholinga chawo chinali chimodzi: kukakhalanso pa benchi la akulu a mpingo. Anafika patapita miyezi inayi chichokereni ku chipatala, Lamulungu lina la mu Okutobala, atanyamuka kunyumba anthu ena asanasambe n'komwe, napuma kawiri panjira, ndodo ili m'manja, mdzukulu uja ali pambali atawanyamulira Buku Lopatulika ndi botolo la madzi. Nyimbo yoyamba anaimba chokhala. Munda wawo chaka chimenecho unalimidwa ndi achinyamata, iwo akuloza ndi ndodo pamene mizere yakhota. Mpaka lero amadandaula kuti khasu limawalemera ndipo dzanja silifumbata monga kale. Mwana wawo wamkazi uja anatiuza kuti usiku wina amadzidzimukabe akamva chitseko chikutseguka, n'kupeza kuti ndi bambo ake akupita okha panja ndi tochi.